Mafunso a Owerenga: Pepala, Ulusi ndi Zilembo za Buku

Makalata amene tasankha kuyankha mwezi uno onse akukhudza buku monga chinthu chogwirika, chokhala ndi kulemera kwake, pepala lake, ulusi kapena guluu wake, ndiponso zilembo zimene munthu wina anachita kusankha kuti zikule motani. Ambiri tinazolowera kuganiza kuti buku ndi mawu basi, ndipo zina zonsezi ndi chotengera chabe, koma mafunso ali m'munsiwa akusonyeza kuti owerenga athu anaona kale kuti chotengeracho chimalamulira mmene mawuwo amatifikira.

FUNSO: Ndine wophunzira unamwino. Mabuku ambiri a maphunziro athu ndili nawo pafoni, koma ndaona kuti zimene ndawerenga m'buku losindikizidwa ndimazikumbukira bwino, mpaka ndimadziwa kuti mfundo yakutiyakuti inali kumunsi kwa tsamba la kumanzere, pamene zimene ndawerenga pafoni sizikhalitsa m'mutu. Popeza mawu ake ndi amodzimodzi, kodi vuto ndi ine? — Wophunzira unamwino

YANKHO: Chemwali, vuto si inu, ndipo zimene mwaonazo anthu ofufuza za kawerengedwe anaziona kalekale. Munthu akamawerenga sasunga mawu okha m'mutu, koma amasunganso malo amene mawuwo anali. Tsamba losindikizidwa lili ndi ngodya zinayi zosasuntha, lili ndi linzake loyang'anizana nalo, ndipo chithunzi chimene mwachiona lero mudzachipeza pomwepo chaka chamawa. Manja anunso amagwira nawo ntchito mwakachetechete, pakuti masamba amene mwawerenga amaunjikana kudzanja lamanzere pamene otsala akuchepa kudzanja lamanja, motero musanayang'ane n'komwe nambala ya tsamba mumadziwa ngati muli koyambirira, pakati kapena kumapeto. Pafoni zonsezi zimasowa, chifukwa mawu amayenda chokwera mukamakankha ndi chala, ndipo mukakuza zilembo kapena kupendeketsa foniyo, ndime imene inali pamwamba imakapezeka pena.

Chochititsa chidwi n'chakuti foni yatibwezera ku kawerengedwe kamene anthu anakasiya zaka zoposa 1,500 zapitazo. Aigupto, Agiriki ndi Aroma ankalemba pa mipukutu ya gumbwa, ndipo wowerenga ankafunyulula ndi dzanja limodzi kwinaku akukulunga ndi linalo, moti kubwerera ku mfundo imene anaidutsa inali ntchito yotopetsa. Buku la masamba omangidwa mbali imodzi, limene akatswiri amalitcha codex, linayamba kutchulidwa ku Roma chakumapeto kwa zaka 100 zoyambirira za nyengo yathu ino, pamene wolemba ndakatulo Martial analiyamikira kuti limagwirika ndi dzanja limodzi ndipo munthu angathe kuyenda nalo pa ulendo. Akhristu oyambirira analikonda kwambiri, ndipo pofika m'zaka za m'ma 400 linali litalowa m'malo mwa mpukutu. Linali losawononga zolembapo chifukwa alembi ankalemba mbali zonse ziwiri za tsamba, koma mwa kuona kwanga chimene chinalipambanitsa n'chakuti linalola munthu kutsekereza chala pa tsamba lina, n'kutsegula lina kutsogolo, n'kuyerekeza ziwirizo. Kuphunzira nkhani zovuta ngati za thupi la munthu kumadalira kwambiri kubwerera m'mbuyo kotereku.

M'chaka cha 2018, Pablo Delgado ndi anzake anasonkhanitsa zotsatira za ntchito zofufuza 54 zokhudza anthu oposa 170,000, ndipo anapeza kuti owerenga papepala amamvetsa bwinopo kusiyana ndi owerenga pasikirini. Kusiyanako sikwakukulu, koma kumaonekera makamaka pa nkhani zofotokoza mfundo, monga za m'mabuku a sukulu, ndiponso pamene wowerenga wapatsidwa nthawi yochepa. Pa nthano ndi nkhani zopeka sanapeze kusiyana kwenikweni. Anne Mangen wa ku Norway ndi anzake anapatsanso anthu nkhani imodzimodzi, ena papepala ndipo ena pa Kindle, kachipangizo kowerengera mabuku pasikirini, ndipo magulu onse awiri anaimvetsa mofanana pa zambiri, koma a papepala anakhoza bwino kundandalika zochitika mwa dongosolo lake. Zimenezi zikugwirizana ndi zimene tanena za manja, kuti amathandiza mutu kudziwa chimene chinayamba ndi chimene chinatsatira.

Sindikunena kuti mutaye foni, chifukwa imanyamula mabuku ambiri amene simukanatha kuwasenza, imafufuza mawu mofulumira, ndiponso imakuza zilembo kwa amene maso awo ndi ofooka. Chimene mungachite ndi kubwezera pasikirini zinthu zimene pepala limakupatsani mwaulere. Sankhani mabuku a PDF amene masamba ake sasintha, muziwerenga tsamba limodzi lathunthu n'kutembenuza m'malo mokankha mawu osalekeza, muzilemba manotsi ndi dzanja pamodzi ndi nambala ya tsamba, ndipo mitu yovuta kwambiri, ngati n'kotheka, muziisindikiza papepala.

FUNSO: Ndine wachikulire ndipo ndimavala magalasi. Mabuku ena ndimawawerenga madzulo onse osatopa, koma ena ndikangowerenga masamba awiri maso amawawa ndipo ndimabwereza mzere umodzimodzi kawiri. Magalasi ake ndi omwewo. Chimasiyanitsa n'chiyani? — Agogo okonda kuwerenga

YANKHO: Agogo, kawirikawiri mlandu umakhala wa amene anayala zilembo patsamba. Diso silitsetsereka pamzere monga mmene timaganizira. Kuyambira pa ntchito ya dokotala wa maso wa ku France, Louis Émile Javal, chakumapeto kwa zaka za m'ma 1870, zinadziwika kuti diso limadumphadumpha, n'kumaima pang'ono, pafupifupi gawo limodzi mwa magawo anayi a sekondi, ndipo ndi poimapo pokha pamene limatola zilembo zochepa. Likafika kumapeto kwa mzere limayenera kudumpha ulendo wautali kubwerera kumanzere n'kutera ndendende pa mzere wotsatira, ndipo apa ndi pamene inu mukuphonya. Mzere ukatalika kwambiri, kapena mizere ikathinana, diso limatera pa mzere umene lachokera kumene. N'chifukwa chake oyala mabuku odziwa ntchito yawo amayesetsa kuti mzere umodzi ukhale ndi zilembo za pakati pa 45 ndi 75, kuwerengera pamodzi ndi mipata, ndipo n'chifukwa chakenso Mabaibulo ndi madikishonale, amene zilembo zake ndi zazing'ono, amagawa tsamba m'madanga awiri.

Kukula kwa zilembo kumayezedwa m'mapointi, ndipo pointi imodzi ndi gawo limodzi mwa magawo 72 a inchi, kapena kuti pafupifupi gawo limodzi mwa magawo atatu a milimita. Mabuku ambiri a akuluakulu amakhala ndi zilembo za mapointi 10 mpaka 12, pamene osindikizidwira anthu ovutika kuona amakhala ndi za mapointi 16 kapena kuposerapo. Komabe nambala yokhayo ingakunamizeni, chifukwa mitundu iwiri ya zilembo ya mapointi ofanana ingaoneke yosiyana kwambiri. Chimene diso limamva ndi kutalika kwa zilembo zazing'ono zopanda mchira, monga a, e, m ndi n, ndiponso kukula kwa mpata umene uli mkati mwake, pakuti mpatawo ukachepa, e amaoneka ngati o ndipo munthu amayamba kuwerenga mongoganizira.

Pepala nalonso lili ndi mbali yake. Lonyezimira, limene limakometsa zithunzi, limabweza kuwala m'maso, ndipo loyera mbuu limatopetsa anthu ambiri kuposa lotuwirako pang'ono. Lopyapyala limaonetsa mthunzi wa zilembo za kuseri, ndipo ngati wosindikiza sanasamale kuti mizere ya mbali ziwirizo igonerane, mthunziwo umagwera m'mipata imene inayenera kukhala yoyera. Pali vuto linanso limene owerenga Chichewa timakumana nalo kwambiri: mawu athu ambiri ndi aatali, choncho akayalidwa m'danga lopapatiza n'kukakamizidwa kuti mizere yonse ithere pamalo amodzi kumanja, pamatsala mipata ikuluikulu pakati pa mawu, kapena kompyuta imadula mawu molakwika chifukwa ikutsata malamulo a chinenero china.

Musanatenge buku, litseguleni pakati, muwerenge kuchuluka kwa zilembo za mzere umodzi, muone ngati za kuseri zikuonekera, ndipo muwerenge ndime imodzi yonse pa kuwala kofanana ndi kumene mumawerengera kunyumba. Koma ngati kunyezimira kwa pepala kwayamba kukuvutitsani kuposa kale, kapena zilembo zikuoneka ngati zili mu utsi ngakhale m'buku labwino, kapimitseni maso, chifukwa ng'ala imayamba motero ndipo imachizika.

FUNSO: Ndimayang'anira laibulale ya sukulu. Mabuku atsopano akumathothoka masamba teremu imodzi isanathe, pamene mabuku ena akale kwambiri akadali olimba. Ena mwa akalewo ndi ofiirira ndipo amafumbutuka m'mphepete, koma ena ndi oyera bwinobwino. Kodi ndi ana amene sasamala, kapena mabuku a masiku ano ndi amene ali osalimba? — Mphunzitsi woyang'anira laibulale

YANKHO: Aphunzitsi, ana ali ndi mbali yawo, koma musanawadzudzule imikani bukulo n'kuliyang'ana kuchokera pamwamba, pafupi ndi msana. Mukaona timagulu ta masamba opindidwa, tondandalikana ngati timabuku ting'onoting'ono, ndipo mukatsegula pakati pa kagulu kamodzi n'kupeza ulusi, ndiye kuti bukulo ndi losokedwa. Tsamba lililonse la buku lotero ndi theka la pepala lopindidwa, ndipo kuti lichoke liyenera kung'ambika kaye. Koma mukaona masamba odulidwa mofanana atangomira mu guluu, dziwani kuti osindikiza anadula mapindiro onse n'kumata tsamba lililonse palokha ku msana, motero chimene chikuligwira ndi kanthambi ka guluu kopyapyala ngati tsambalo. Njira imeneyi ndi yofulumira ndiponso yotsika mtengo, ndipo pa buku lowerenga kamodzi kapena kawiri ilibe vuto, koma guluu wamba wosungunula ndi moto amauma n'kusweka akamakalamba, ndipo amafewa pa kutentha. Buku la sukulu, limene limatsegulidwa tsiku ndi tsiku ndi manja ambiri, liyenera kukhala losokedwa, ndipo ine ndimaona kuti kugulira ana buku lomata chifukwa chakuti chikuto chake n'chowala ndi nkhani ya chikomekome cha mkuyu, mkati muli nyerere.

Kamangidweka sikakhudza kulimba kokha, koma kamasinthanso kawerengedwe. Buku losokedwa bwino limagona lokha patebulo, moti mwana amakhala ndi manja awiri olembera ndi kulozera. Lomata limafuna kudzitseka, choncho dzanja limodzi limathera pa kulikanikiza, ndipo ngati mpata wa mkati, pafupi ndi msana, uli wochepa, mawu oyambirira a mzere amabisala mu mpindiro. Mwana amene akufuna kuona mawu obisikawo amathyola msana wa buku, osati chifukwa cha mwano koma chifukwa chakuti bukulo silikumupatsa njira ina. Palinso chinthu china chobisika: timaulusi ta m'pepala timagona choloza mbali imodzi monga mmene makina anatiyalira, ndipo tiyenera kugona motsatana ndi msana wa buku. Wosindikiza akadula pepala mopingasa pofuna kupulumutsa zotsala, masamba amauma gwa, sagona, ndipo amachita mafunde kukakhala chinyezi.

Za kufiira kwa mapepala, yankho lili m'mbiri ya pepala lenilenilo. Kuyambira pamene Cai Lun anapereka njira yake yopangira pepala kwa mfumu ya ku China m'chaka cha 105, ndiponso kwa zaka mazana ambiri luso limeneli litafika ku Ulaya, pepala linkapangidwa ndi zinthu monga makungwa, sanza ndi ulusi wa zomera. La ku Ulaya linali la sanza za bafuta, ndipo n'chifukwa chake masamba a Baibulo limene Johannes Gutenberg anasindikiza ku Mainz cha m'ma 1455 akadali olimba mpaka lero. Owerenga atachuluka sanza zinachepa, ndipo m'zaka za m'ma 1840 Friedrich Gottlob Keller wa ku Germany anapanga makina opera mitengo kuti ikhale phala la pepala. Mtengo uli ndi chinthu chotchedwa lignin, chimene chimaulimbitsa, koma chikatsalira m'pepala chimafiira chikakumana ndi kuwala ndi mpweya, monga mmene nyuzipepala imachitira ikakhala padzuwa. Kuwonjezera apo, mankhwala amene ankathira kuti inki isamwazike ankasiya asidi amene amadula timaulusi ta pepala pang'onopang'ono. Choncho buku la zaka 500 lingakhale lathanzi kuposa la zaka 80, ndipo fungo lija la mabuku akale limene ambiri timalikonda ndi fungo la pepala limene likuwonongeka. Masiku ano kuli pepala lopanda asidi, ndipo mabuku ena amalemba zimenezi kuseri kwa tsamba la mutu wa buku, nthawi zina potchula muyezo wa ISO 9706 kapena poika chizindikiro chooneka ngati 8 wogona.

Pa mabuku amene muli nawo kale, phunzitsani ana kuti buku latsopano azilitsegula pang'onopang'ono, masamba ochepa kutsogolo ndi ochepa kumbuyo mosinthana, mpaka kufika pakati. Asamalikoke pashelefu pokola chala pamwamba pa msana, asamaligoneke chafufumimba lili lotsegula, ndipo mashelefu atalikirane ndi dzuwa komanso khoma lachinyontho, chifukwa chinyontho chimabweretsa chuku ndi tizilombo todya pepala. Tsamba likathothoka musalimate ndi selotepi, pakuti imauma n'kugwa, n'kusiya banga lofiirira losachoka. Pakani guluu woyera wa mapepala pang'ono chabe m'mphepete mwa tsambalo, mulilowetse pamalo pake, n'kutsikiza bukulo ndi chinthu cholemera usiku wonse.

FUNSO: Buku limene ndagula lili ndi masamba asanu opanda kanthu kumapeto. Kodi pali nkhani imene inasiyidwa? — Wowerenga wodabwa

YANKHO: Palibe chimene chasowa, bambo. Mabuku sasindikizidwa tsamba limodzilimodzi, koma pa chipepala chachikulu chimene pambuyo pake chimapindidwa: kupinda kamodzi kumatulutsa masamba 4, kawiri masamba 8, katatu masamba 16, ndipo makina ambiri amasindikiza 16 kapena 32 nthawi imodzi. Nkhani ikathera pa tsamba 187, chipepala chomaliza chimafikabe pa 192, ndipo asanu otsalawo amakhala oyera. Chimene muyenera kuyang'ana ndi manambala a masamba a mkati, chifukwa nthawi zina kagulu kamodzi kamadumphidwa kapena kuikidwa kawiri, ndipo buku lotero ndi loyenera kubwezedwa.

FUNSO: Mwana wanga wamkazi amalemba m'mphepete mwa masamba a mabuku ake ndi kudula mizere kunsi kwa mawu. Ine ndinaleredwa kuti buku ndi lolemekezeka ndipo sililembedwa. Timakangana kawirikawiri. Wolondola ndani? — Mayi wodandaula

YANKHO: Mayi, ulemu umene mumapereka kwa buku ndi wabwino ndipo musautaye, koma pa nkhani iyi ndikuima ndi mwana wanu, malinga ngati bukulo ndi lake. Mpata woyera wa m'mphepete suli pamenepo mwangozi. Umapatsa chala chachikulu pogwira kuti chisaphimbe mawu, umateteza zilembo pamene m'mphepete mukutha, umapumitsa diso, ndipo kuyambira kale wakhala malo amene wowerenga amayankhirapo wolemba. Alembi a ku Ulaya a zaka zapakati ankasiya dala mipata ikuluikulu kuti aphunzitsi azilembamo ndemanga, mpaka ndemanga zina zinakula kukhala mabuku paokha. Cha m'ma 1637, Pierre de Fermat wa ku France analemba m'mphepete mwa buku lake la masamu lolembedwa ndi katswiri wakale Diophantus kuti wapeza umboni wa mfundo ina koma mpatawo ndi wochepa kuti aulembemo, ndipo kamawu kameneko, kamene mwana wake anakasindikiza iye atamwalira, kanagwiritsa ntchito akatswiri a masamu zaka zoposa 350 mpaka Andrew Wiles anatsimikizira mfundoyo m'chaka cha 1994.

Komabe si kulemba kulikonse kumene kumathandiza. Kudula mizere kunsi kwa theka la tsamba kumapatsa munthu mtima wakuti waphunzira pamene dzanja lokha ndi limene lagwira ntchito. Chopindulitsa ndi kulemba m'mawu akeake, monga funso, kutsutsa, chidule cha ndime, kapena nambala ya tsamba lina pamene pali mfundo yofanana. Mulimbikitseni kugwiritsa ntchito pensulo yofewa, chifukwa inki imalowerera kuseri kwa pepala lopyapyala ndipo sifufutika, ndipo mugwirizane kuti buku lobwereka, kaya la laibulale kaya la mnzake, sililembedwa ngakhale kadontho, popeza wowerenga wotsatira ali ndi ufulu wokumana ndi wolemba popanda wina womulozera.

FUNSO: Pa phunziro la Baibulo wina anati machaputala ndi mavesi sanalembedwe ndi olemba oyambirira. Kodi n'zoona, ndipo zili ndi kanthu? — Mkulu wa mpingo

YANKHO: N'zoona, abambo, ndipo si machaputala ndi mavesi okha amene anabwera pambuyo. Mipukutu ndi mabuku akale a Chigiriki ndi Chilatini ankalembedwa popanda mipata pakati pa mawu, zilembo zitangolumikizana mzere wonse, monga mmene zilili mu Codex Sinaiticus ya m'zaka za m'ma 300, imene mbali yake yaikulu imasungidwa ku British Library ku London. Kuti munthu adziwe pamene liwu lathera, zinkathandiza kutchula mokweza, ndipo kuwerenga kunali kwenikweni ntchito ya pakamwa ndi khutu. Augustine, mphunzitsi wa mpingo wakale, analemba kuti anaona Ambrose, bishopu wa ku Milan, akuwerenga maso ali patsamba koma lilime lili chete, ndipo anachiona kukhala chinthu choyenera kufotokozedwa. Amonke a ku Ireland a m'zaka za m'ma 600 ndi 700, amene Chilatini sichinali chinenero chawo, ndi amene anakhazikitsa chizolowezi cholekanitsa mawu, ndipo kampata kakang'onoko kanathandiza kuti kuwerenga chamumtima ndiponso mofulumira kufale.

Machaputala amene timagwiritsa ntchito lero amati anakonzedwa ndi Stephen Langton kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1200, munthu amene ankaphunzitsa ku Paris ndipo pambuyo pake anakhala bishopu wamkulu wa ku Canterbury. Manambala a mavesi a Chipangano Chatsopano anaikidwa ndi wosindikiza mabuku Robert Estienne m'chaka cha 1551. Phindu lake ndi loonekeratu, chifukwa anthu okhala ndi Mabaibulo osiyana kukula ngakhalenso zinenero amatha kupeza malo amodzi m'kanthawi kochepa. Koma kanthu kalipo ndithu. Vesi lililonse likasindikizidwa ngati ndime payokha, monga mmene Baibulo la ku Geneva la 1560 linachitira ndipo ambiri anatsatira, diso limaphunzira kuima pa nambala iliyonse, motero kalata imene inalembedwa kuti iwerengedwe yonse nthawi imodzi imasanduka timawu todukaduka. Malire a machaputala nawonso sagwera pabwino nthawi zonse. Nkhani ya masiku a chilengedwe, mwachitsanzo, sithera kumapeto kwa chaputala choyamba cha Genesis koma imapitirira mpaka tsiku lachisanu ndi chiwiri m'mavesi oyambirira a chaputala chachiwiri. Ndi bwino kuti gulu lanu nthawi zina liziwerenga mokweza kalata yaifupi yonse popanda kutchula manambala, kenako n'kubwerera ku mavesi pofuna kukambirana.

FUNSO: Ndalemba buku langa loyamba la nkhani zazifupi ndipo ndikufuna kulisindikiza ndekha. Osindikiza akundifunsa za kukula kwake, mtundu wa pepala ndi chikuto, koma ine ndimaganiza kuti zimenezi ndi zawo. Ndisankhe bwanji? — Mlembi watsopano

YANKHO: Achimwene, zimenezi ndi zanu, chifukwa kukula kwa buku kumasankha malo amene lidzawerengedwere ndiponso munthu amene adzaliwerenge. Mabuku akuluakulu akale ankafuna tebulo, ndipo m'malaibulale ena ankamangiriridwa ndi unyolo, monga mmene alili mpaka lero ku tchalitchi chachikulu cha ku Hereford ku England, moti wowerenga ndi amene ankapita kwa buku. M'chaka cha 1501, Aldus Manutius wa ku Venice anayamba kusindikiza ndakatulo zakale m'mabuku ang'onoang'ono, pogwiritsa ntchito zilembo zopendekera zimene Francesco Griffo anamusulira, ndipo zimenezi zinathandiza ophunzira kuyenda ndi mabuku awo mosavuta. Allen Lane anachitanso chimodzimodzi m'chaka cha 1935 ndi mabuku a chikuto chofewa a Penguin, amene anatengera nkhani zabwino kwa anthu owerengera pa ulendo ndi pa nthawi yopuma kuntchito.

Nkhani zazifupi zimawerengedwa imodziimodzi, nthawi zambiri ndi dzanja limodzi, choncho buku lanu lisapose A5, imene ndi mamilimita 148 m'lifupi ndi 210 m'litali, ndipo locheperapo pang'ono lingakhale bwino koposa. Musalole kuti alisindikize pa kukula kwa A4 chifukwa chakuti ndi mmene munalembera pakompyuta, pakuti mizere idzatalika ndipo lidzaoneka ngati lipoti la ku ofesi. Sankhani pepala losanyezimira la magalamu pafupifupi 80 pa sikweyamita, chikuto chofewa koma chokutidwa ndi kapulasitiki kopyapyala koteteza ku thukuta la m'manja, ndipo funsani kusiyana kwa mtengo pakati pa kusoka ndi kumata musanagamule. Pa msana palembedwe mutu wa buku ndi dzina lanu, chifukwa pashelefu ndi msana wokha umene umaoneka, ndipo ngati mukufuna kuti ogulitsa mabuku ndi malaibulale alilandire mosavuta, lipezereni nambala yozindikiritsa buku yotchedwa ISBN, imene kuyambira 2007 imakhala ndi manambala 13.

Musanavomereze kuti asindikize onse, apempheni buku limodzi lachitsanzo, lopindidwa ndi kumangidwa pa pepala lenileni limene adzagwiritse ntchito. Muone ngati mpata wa mkati uli wokwanira kuti muwerenge osathyola msana, ngati mawu adulidwa pa mphatikizo zoyenera kumapeto kwa mizere, ndiponso ngati chilembo cha ŵ ndi kachizindikiro ka mu ng' zatuluka mu mtundu womwewo wa zilembo, chifukwa mitundu ina ilibe ŵ ndipo kompyuta imabwereka wa mtundu wina amene amaoneka wachilendo pakati pa anzake. Kenako mupatse bukulo munthu wachikulire ndi wachinyamata kuti aliyense awerenge nkhani imodzi yonse, muwafunse pamene maso awo anatopa kapena pamene anataya mzere, ndipo mukonze malo amenewo musanasaine chilolezo chosindikizira.